Mwendo wa a Sakala

Ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga. Ndalemba. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho musayembekezere zokometsera. Za ubwana ndazidumpha. Ndinkaweta ng'ombe ngati anzanga onse, palibenso china. Ndiyambira pa msewu.

1954: Foti Jemusoni

Ndinalembedwa ntchito yokonza misewu Chitaganya chitangoyamba kumene. Tawuni imene inu mumati Chipata ife tinkaitcha Foti Jemusoni. Anandipatsa piki yogwedera mpini n'kundiloza ngalande. Maphunziro anali omwewo. Bwana wathu anali mzungu wamfupi, wofiira khosi. Chinyanja chake chinali liwu limodzi lokha: fulumira. Dzina lake linasanduka lomwelo, Bwana Fulumira. Sanali munthu woipa. Kungoti ankaopa mvula kuposa Mulungu, chifukwa msewu wosatha mvula ikagwa unkasanduka phala, ndipo akuluakulu ake ankamukalipira iyeyo. Zida sizinkakwana. Fosholo imodzi tinkalandizana anthu awiri, wina akupuma wina akugwira, ndipo bwana akatulukira wopumayo ankanamizira kufunafuna mwala. Mipini tinkasema tokha kutchire. Nyemba za phoso zinkabwera zofumbwa, mwakuti tinkati boma latipatsa ndiwo ndi nyama yomwe.

Wotiphikira pakampu anali a Sakala, munthu wamkulu kwa ine, wa kufupi ndi Kasenengwa. Anali ndi mwendo umodzi. Wakumanzere unathera pamwamba pa bondo, ndipo ankayendera ndodo ya mphanda imene anasema okha. Koma liwiro lake, wamiyendo iwiri ankatsalira. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi kuyambira poyatsa moto mpaka potsuka mbale, mawu ngati ng'ombe yamphongo. Ine sindifunsa anthu za zilema zawo. Anandiuza okha Lamulungu lina masana, tikuchapa malaya kumtsinje. Anati ngolo ya fodya inawaponda pa famu ya mzungu wina. Anawanyamulira kuchipatala cha mishoni, ndipo kumeneko anaudula kuti apulumutse moyo. Mwendowo anaupereka kwa mlamu wawo kuti akauike kumanda a kumudzi. Mlamuyo anaukulunga mu mphasa n'kuumangirira pa njinga. Koma unali mwezi wa Okutobala. Asanafike kumudzi, ntchentche zinali zitamudziwa. Anabwereka khasu, nakumba patsinde pa mtengo wa muwanga m'mbali mwa njira, naukwirira pamenepo.

"Ndiye uli pomwepo, ukundidikira," anatero a Sakala. "Ndikafa adzandiika kumanda a kwathu. Kuchoka pamenepo kukafika pa muwanga si patali. Lipenga likadzalira, akufa onse n'kudzuka, ine ndidzadumphadumpha pang'ono, n'kukautenga. Sindifuna kukaima pamaso pa Woweruza nditatsamira ndodo. Milandu yanga ndikaimve nditaima ndi miyendo iwiri ngati mwamuna."

Ndinati, "Mulungu sangakupatseni wina?"

"Wina wa yani? Uwo ndi wanga. Uli ndi chipsera cha nkhwangwa pa katumba. Ndimaudziwa, nawonso umandidziwa."

Ndinaseka. Iwonso anaseka. Koma sankachita nthabwala. Akapita kutchuthi ankayamba kaye apatukira pa muwanga, n'kulambula udzu patsinde pake, kenako n'kumakaona abale.

1957: Chipangali

Gulu lathu analitumiza ku Chipangali kukamanga makalavati, njira zodutsa madzi pansi pa msewu. Simenti inkachedwa, ikafika ina itauma kale ngati mwala. Tinkadikira. Podikirapo ndinakwatira amayi anu. Chaka chomwecho anandikweza kukhala kapitawo. Anandipatsa pinto yoliza poitana antchito ndi jasi yakhaki. Sindikudziwa chimene anandionera. Mwina chifukwa sindinkalankhula, bwana ankaganiza kuti ndikuganiza.

Kumeneko n'kumene tinalandira giredala, chimakina chachikasu chokankha ndi kusalaza dothi. Ntchito ya gulu lonse ya sabata inkaigwira dzuwa lisanapendeke. Woyendetsa wake anali Mulenga, Mubemba wa kumpoto. Mukudziwa za chimbuya chathu ndi Abemba: timatukwanana momasuka, palibe wokwiya, ndipo pa maliro ndiwo amatisangalatsa. Mulenga ndi a Sakala anagwirizana tsiku loyamba.

"Iwe mbuya," ankatero Mulenga polandira chakudya, "lero mbewa wazibisa kuti? Ndikumva fungo lake."

"Mbewa n'zodya anthu. Iwe dikira, ndatuma kuti akugwirire nyani."

"Mwendo unaugulitsa zingati?"

"Ndinaubisa. Ndinamva kuti kukubwera Mubemba wanjala."

Zinkatero tsiku ndi tsiku. Ntchito inkapepuka.

1959: Kasenengwa

Chaka chimenechi anatituma kukawongola njira ya kwawo kwa a Sakala kuti malole azidutsa. Anthu oyeza anali atadutsa kale n'kukhoma zikhomo zosonyeza modzera msewu. A Sakala anakondwa kuti azigona kwawo. Chimwemwecho chinatha tsiku limene anapita okha kukaona zikhomozo. Zinkapita molunjika pa muwanga uja. Mtengowo unali pa kachitunda, ndipo kutsogolo kwake kunali dambo. Lamulo linali lakuti tizule mtengo, giredala igumule chitunda chonsecho, dothi lake ilikankhire m'dambo kuti msewu uwoloke. Panalibe kudumpha malowo n'kukagwira kwina. Popanda dothi limenelo chimakinacho sichikanawoloka.

Anandipeza pa nthawi yopuma masana. Anavula chipewa. Anali asanandivulirepo chipewa.

"A Kapitawo, sunthani zikhomo. Pang'ono chabe. Msewu ukhote."

"Sindingathe. Bwana adzaona."

"Ndiye mwendo wanga muumwaza m'dambo? Fupa ili uku, lina uko, pamwamba malole? Tsiku lomaliza ndidzayambira pati kutola?"

Tsiku limenelo pamoto panalibe nyimbo, ndipo nyemba zinapserera. Mawa lake chimodzimodzi. Mulenga anayesa kuwaputa, iwo anangomuyang'ana. Kampu yonse inazizira ngati pali maliro.

Njira inali imodzi: kuufukula mwendowo n'kukauika kumanda. Koma kwathu kuno wofukula manda amatchedwa mfiti. Palibe mnyamata wa pagulu langa amene akanagwira fosholo mobisa, ndipo ine sindikanalola. Zinayenera kuchitika masana, mudzi wonse ukuona, eni manda atavomera, mkulu wa mpingo alipo. Mkulu wa mpingoyo, a Daka, anali atapita kumsonkhano ku mishoni, ndipo ankayembekezeka kumapeto kwa sabata. Giredala inali itatsala pang'ono kufika pa chitundacho. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana.

Ndinapita kwa Bwana Fulumira. Ndinafotokoza ndi Chizungu changa chothyokathyoka, ndikuloza mwendo wanga. Poyamba anaganiza kuti ndavulala. Atamvetsa anaseka mpaka kutsokomola. Kenako analoza mitambo, nandiuza kuti makina aboma sangaime chifukwa cha mwendo wopanda mwini. Ndinati mwini wake alipo, ndi amene amatiphikira. Anati ayi, natsiriza ndi liwu lake lija. Anakwera galimoto kupita ku boma kwa masiku angapo kukatenga mafuta, n'kusiya mawu akuti pobwera apeze dambo litakwiririka.

Madzulo ake ndinawauza amayi anu. Anali ndi pakati pa iwe, Tisiyenji, ndipo ankasenda nsawawa pakhonde.

"Mukaimitsa makinawo akuchotsani ntchito," anatero.

"Mwina."

"Ndiye tizidzadya mwendo wa a Sakala?"

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Koma mukaukankhira m'dambo, Lamulungu musadzanditsate kutchalitchi. Mudzapite kwanu kwina." Amayi anu ankatero. Ankakutsekera makomo onse awiri, n'kumaona kuti utulukira pati.

Ine za kuuka kwa akufa ndinkakhulupirira, monga ndikhulupirira lero. Koma kuti zidzayenda bwanji, mafupa ndi minofu, sindinkaziganizira. Sinali ntchito yanga. Chimene ndinkaona n'chakuti munthu amene anandidyetsa zaka zonsezo waleka kuimba. Ndinaganizanso kuti pa tsiku lachiweruzo sadzandifunsa za dambo. M'mawa giredala itafika patsinde pa chitunda, ndinaima kutsogolo kwake n'kuimba pinto. Mulenga anasuzumira.

"Zimitsa."

"Bwana wanena?"

"Ndanena ine."

Anandiyang'ana, nayang'ana muwanga, nazimitsa. "Ndikauza bwana kuti yawonongeka," anatero. Ndinati ayi, usaname. Akafunsa unene kuti kapitawo waimitsa. Anyamata ndinawatuma kukalambula ngalande za m'mbuyo, kuti asangokhala. Giredala inangoti duu, ana a m'mudzi n'kumakwerapo, mpaka a Daka anabwera.

A Daka anali nkhalamba yowonda, yolankhula pang'onopang'ono. Atamva nkhaniyo anakanda mutu. Anati chibadwire sanaikepo maliro a munthu wamoyo, koma sakuonapo tchimo. Eni manda anavomera. Ine ndinakhoma kabokosi kakatali ndi matabwa otsala a makalavati. Tsiku lofukula kunabwera anthu ngati kuli ukwati. Ena anachokera midzi yakutali kudzangoona. Amayi a mpingo anakhala pansi pa mthunzi n'kuyamba nyimbo za maliro, koma ena ankaimba atabisa pakamwa ndi chitenje. A Sakala anavala jekete lawo la Lamulungu nakhala pa mpando kutsogolo. Mulenga, monga mbuya, anabwera ndi ufa m'mbale n'kuwathira m'mutu monse mpaka anayera ngati nkhalamba ya kalekale.

"Tandiuzeni, anthuni," anakuwa Mulenga, "uyu timupepese kapena timulire? Wamasiye ndi iyeyu, malemu ndi iyeyu! Ndipo chakudya cha pamaliro aphikanso yekha!"

Anthu anagwa nako kuseka. A Sakala anamwetulira koyamba sabata imeneyo. "Kumba, wakudya anyani iwe. Ukathyola chala changa chimodzi ulipira."

A Daka anapemphera, adzukulu okumba manda n'kuyamba. A Sakala analoza malo enieni, mbali ya kum'mawa kwa tsinde, pamene mlamu wawo anawasonyeza asanamwalire. Anakumba mosamala. Dothi lofiira, mizu, njira za chiswe. Anafika m'chiuno. Palibe. Anakuza dzenje mbali zonse. Palibe. Anakumba kuzungulira mtengo wonse mpaka mizu inatsala pamtunda. Panalibe fupa, panalibe ngakhale kachidutswa ka mphasa. Kaya chiswe ndi dothi zinamaliza, kaya fisi anafukula kalekale, palibe akudziwa. Nyimbo zinatha zokha. Mulenga anaika mbale yake pansi. A Sakala anataya ndodo, nakhwekhwereza thupi kulowa m'dzenje ndi jekete lawo lomwelo, n'kuyamba kufufuza dothi ndi manja. Ankalipera m'zala ngati mayi wofuna mkanda wotayika. Kenako anakhala pansi m'dzenjemo n'kulira. Misozi inalemba mizere pa ufa uja. Ine ndinayang'ana kumbali.

A Daka anakhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo ili lendee m'kati. Sanatsegule buku. Anangoti, "A Sakala, agogo anu aja anaikidwa inu muli mwana. Titawafukula lero tingapeze chiyani?"

"Dothi."

"Ndiye sadzauka?"

"Adzauka."

"Nanga mphwanga uja anagwidwa ndi ng'ona ku Luangwa? Nanga anyamata athu anatsala ku nkhondo kutsidya kwa nyanja, amene ngakhale manda awo sitiwadziwa? Mwati pa tsiku limenelo adzawerengedwa kuti sanabwere?"

A Sakala anapukusa mutu.

"Amene anaumba munthu woyamba anayamba ndi dothi lomweli," anatero a Daka. "Sanapemphe munthu kuti amusungire fupa."

A Sakala anayang'ana dothi la m'manja mwawo. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikulambulira dzenje lopanda kanthu?"

"Mwakhala mukulondera nkhokwe, Mwini chimanga atatuta kale."

A Sakala anayamba ndi kamphuno, kenako mapewa anagwedezeka, kenako chiphwete chinaphulika. Ankaseka misozi ikutsikabe. Anthu ataona kuti wamasiye waseka, nawonso anamasuka. Mulenga analumphira m'dzenje n'kuwanyamula ngati thumba la chimanga. Anafunsa ngati tiike dothi m'kabokosi kuti mwambo uthe. A Sakala anakana.

"Lisiyeni. Mwendo umenewo sunkakonda kukhala malo amodzi. Ndi umene unandipititsa ku Halale wapansi ndili mnyamata, unzakewu unkangotsatira. Muuike mu msewu. Kumanda ukanasungulumwa."

Anayambitsa okha nyimbo ya kuuka kwa akufa, ndi mawu awo aja a ng'ombe yamphongo, ndipo anthu onse analandira. Nyimbo ili pakati, galimoto ya Bwana Fulumira inatulukira. Anapeza giredala itazima, dambo lili momwe analisiyira, chitunda chadzaza anthu oimba, wophika wake ali mbuu ndi ufa. Anatsika. Khosi lija linafiira kuposa kale. Anandiitana.

"Mwendo uli kuti?"

"Palibe, bwana."

"Waimitsa makina chifukwa cha chinthu chimene palibe?"

"Inde, bwana."

Anapita kukasuzumira m'kabokosi, napeza mulibe kanthu. Ngakhale liwu lake lija linamuthawa. Anangotambasula dzanja. Ndinavula pinto m'khosi n'kumupatsa. Jasi ndinabweza madzulo.

1960: Pa miyala

Sindimunenera zoipa bwanayo. Mvula inagwa dambo tisanamalize, giredala inatitimira, ndipo tinaifukula ndi manja matope ali m'ntchafu. Msewu unachedwa mpaka chilimwe. Akanatha kundichotsa. Anangonditsitsa n'kunditumiza kophwanya miyala kufupi ndi tawuni. Nyundo inandibwezera zikang'a zimene zinali zitayamba kutha m'manja. Amayi anu sanadandaule kwambiri. Ankangoti ndikafika madzulo, "Alowe akuluakulu oika maliro a mphepo." Kabokosi kaja anakatenga iwo. Anakafupikitsa, ndipo iwe Tisiyenji utabadwa zovala zako zinkakhala m'menemo. Ukapitawo anandibwezera Chitaganya chili pafupi kutha, bwana wina atabwera.

Amene anapindula ndi a Sakala. Anali ndi mwana wamkazi wokwatiwa kutali ku Migodi ya mkuwa, amene anakhala akuwaitana kuti asiye utsi wa pakampu akapume kwa iye. Iwo ankakana. Ankaopa kukafera kutali ndi mwendo wawo. Tsopano mantha anali atatha. Chaka chomwecho cha 1960 anatsanzika ntchito. Anakakhala ndi zidzukulu zawo zaka zambiri, ndipo ndinamva kuti kutchalitchi cha kumeneko ndiwo ankayambitsa nyimbo. Anamwalirira komweko, n'kuikidwa komweko pakati pa Abemba, zimene Mulenga anati ndi chilango chokwanira, tsiku lachiweruzo sadzafunikanso china.

Ndinawaperekeza ndine pokwera basi ku Foti Jemusoni. Ndinawanyamulira sutikesi, iwo akudumpha patsogolo ndi ndodo yawo. Atakhala pansi anatulutsa mutu pazenera. Ankanditchabe kapitawo ngakhale ndinali wophwanya miyala.

"A Kapitawo, ndinakulanditsani jasi."

"Inkandithina."

"Tamverani. Inu mudzaikidwa kuno, ndiye mudzadzuka kufupi ndi msewu. Lipenga likadzalira, mukadzaona mwendo wa chipsera pa katumba ukudumpha wokha kulowera ku Migodi, ndi wanga umenewo. Musadzauimitse."

Basi inali italiza kale injini. Ndinati, "Pitani bwino, a Sakala. Ine zoimitsa zinthu pa msewu ndinaleka."